Kugwa kwa Mabanki a Kumudzi ku Arkansas

Pa 17 Novembala 1930, tsiku Lolemba, banki yaikulu koposa m'chigawo cha Arkansas, kummwera kwa dziko la America, sidatsegule zitseko zake. Dzina lake lidali American Exchange Trust Company, ndipo idali mumzinda wa Little Rock, likulu la chigawocho. Pasanathe masiku ambiri, mabanki ang'onoang'ono oposa 40 a m'matauni a alimi a thonje nawonso adatseka. Ena adalengeza kuti atseka kwa masiku owerengeka chabe, ndipo adatseguladi pambuyo pake, koma ena sadatsegulenso mpaka kalekale. Anthu amene adasungitsa ndalama zawo kumeneko adangopeza chikalata chitamatidwa pachitseko.

Nkhani ya kugwa kwa chuma cha dziko lonse lapansi m'zaka zimenezo, imene eni ake amaitcha Great Depression, kawirikawiri imayambira ku New York, kumene mitengo ya masheya idagwa mu Okutobala 1929. Komatu mlimi wa ku Arkansas adalibe masheya, ndipo ambiri mwa alimiwo adali asanapondeko ku New York. Kwa iwo mavuto adadzera pakhomo la banki ya m'tauni yawo. Motero n'kofunika kuona m'mene banki yotere inkagwirira ntchito, chimene chidaigwetsa, ndi anthu amene adavulala itagwa, pakuti amene adavutika koposa adali anthu amene sadasungitseko ngakhale senti imodzi m'bankimo.

M'chaka cha 1921 dziko la America lidali ndi mabanki pafupifupi 30,000. Kuchuluka kotereku kudadza chifukwa cha malamulo. Zigawo zambiri zinkaletsa banki kutsegula nthambi m'matauni ena, popeza anthu a kumudzi ankaopa kuti mabanki a m'mizinda adzakokolola ndalama zawo n'kupita nazo kutali. Choncho pafupifupi tauni iliyonse, ngakhale ya anthu mazana owerengeka, inkakhala ndi banki yakeyake, mwinanso mabanki awiri. Kuyambitsa banki sikunkalira mpamba waukulu. Lamulo la 1900 lidalola kuti banki yolembetsedwa ku boma lalikulu iyambe ndi madola 25,000 okha m'tauni ya anthu osapitirira 3,000, ndipo zigawo zina zinkalola mpamba wocheperapo. Eni ake a banki yotere adali anthu odziwika m'deralo: mwini sitolo, mwini munda waukulu, dokotala, loya, ndi mwini makina ochotsera njere za thonje. Nyumba yake inkakhala ya njerwa, ya zipinda zochepa, ndipo wolandira ndalama ankadziwa dzina la aliyense wolowamo, kukula kwa munda wake, ndi mbiri ya banja lake.

Anthu ambiri ankaganiza kuti ndalama zimene asungitsa zimangokhala m'bokosi lachitsulo monga m'mene chimanga chimakhalira m'nkhokwe. Sizinali choncho ayi, ndipo ngakhale lero sizili choncho. Banki imasunga gawo lochepa chabe la ndalama za anthu, ndipo zotsalazo imazikongoza kwa ena kuti ipeze chiwongoladzanja. Imachita zimenezi podziwa kuti osungitsa sabwera onse tsiku limodzi kudzatenga zawo. M'dera la thonje ngongolezi zinkayenda motsata nyengo. Cha mu Malichi mwini munda ndi mwini sitolo ankakongola ku banki, chikole chake chili munda, nyulu zokoka pulawo, kapenanso thonje limene linali lisanadzalidwe n'komwe. Ndi ndalama zimenezo iwo ankakongoza matenanti ufa, nyama ya nkhumba, zovala ndi mbewu kufikira nthawi yokolola. Matenanti ambiri, akuda ndi oyera omwe, adalibe munda kapena chiweto, ndipo ankapereka theka la zokolola zawo kwa mwini munda. Thonje likagulitsidwa, kuyambira mu Seputembala mpaka mu Novembala, tenanti ankabweza kwa mwini munda, mwini munda kwa mwini sitolo, ndipo onsewo ku banki. Chakudya cha mwana wa tenanti chinkachokera ku banki imene bambo wake sadalowemo.

Banki yotere idali ndi zofooka zitatu. Choyamba, onse amene idawakongoza ankadalira mbewu imodzi, mtengo umodzi ndi mvula imodzi, kotero kuti chaka chikaipa ankalephera kubweza onse pamodzi. Chachiwiri, ndalama zake zodzitetezera pa tsiku la mavuto sinkazisunga zonse m'nyumba mwake. Gawo lalikulu inkalisungitsa ku banki yaikulu ya mumzinda, imene inkaithandiza kusintha macheke ndi kutumiza ndalama kutali, ndipo banki ya mumzindayo ikatseka, ndalama zodzitetezerazo zinkatsekeredwa momwemo. Chachitatu, idalibe kothawira. Banki yaikulu ya boma, Federal Reserve, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1913 kuti izikongoza mabanki pa nthawi ya mavuto, koma mabanki ambiri a kumudzi sadali mamembala ake. Padalibenso inshuwaransi ya boma lalikulu yoteteza osungitsa ndalama. Kufooka kumeneku kumaonekera bwino poyerekeza ndi dziko loyandikana nalo la Canada, limene lidali ndi mabanki ochepa akuluakulu okhala ndi nthambi m'dziko lonse. Kumeneko chilala cha dera limodzi chinkalipiridwa ndi phindu la dera lina, ndipo palibe banki ngakhale imodzi imene idagwa m'zaka zovutazo.

Mavuto a mabanki a kumudzi sadayambe mu 1929. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse mitengo ya zokolola idakwera kwambiri, ndipo m'chaka cha 1919 thonje linkagulidwa pa masenti pafupifupi 35 pa paundi, muyeso wochepera pang'ono theka la kilogalamu. Alimi adakongola ndalama zogulira minda pa mitengo yokwera, poganiza kuti zinthu zidzakhala choncho mpaka muyaya. M'chaka cha 1920 mitengo idagwa, koma ngongole sizidatsike. Kuyambira 1921 mpaka 1929 mabanki oposa 5,000 adatseka m'dziko la America, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono a kumudzi. Anthu a m'mizinda, kumene malonda ankayenda bwino, sadalabadire kwenikweni.

Ku Arkansas tsoka lidabwera motsatizana. M'chaka cha 1927 mtsinje wa Mississippi ndi mitsinje ina yothira mwa iwo idasefukira, n'kumiza minda yambiri ya kummawa kwa chigawocho. Alimi adakongolanso kuti ayambirenso. Asanamalize kubweza, m'chaka cha 1930 kudagwa chilala choopsa, ndipo Arkansas idali pakati pa zigawo zimene zidakhudzidwa koposa. Thonje lidapserera, chimanga chidauma, madimba a ndiwo ndi msipu wa ziweto zidatheratu. Nthawi zambiri zokolola zikachepa mtengo umakwera, ndipo mlimi amapezako mpumulo. Chaka chimenecho sizidatero, chifukwa mafakitale a nsalu ku America ndi ku Ulaya adali atachepetsa kugula. Mtengo wa thonje udatsika kuchoka pa masenti pafupifupi 17 mu 1929 kufika pansi pa masenti 10 mu 1930. Adanenadi akale kuti mvula ikakuona litsiro sikata. Pofika mu Novembala, mabanki a kumudzi adali ndi mabuku odzaza ndi maina a anthu amene sakadatha kubweza.

Ngakhale zidali choncho, chimene chidawakankhira kuphompho chidachokera kunja kwa chigawocho. Mumzinda wa Nashville, m'chigawo cha Tennessee, mudali kampani ya Caldwell and Company, imene Rogers Caldwell adaiyambitsa m'chaka cha 1917. Ntchito yake yoyamba idali yothandiza matauni ndi maboma a kummwera kupeza ngongole zomangira misewu ndi masukulu pogulitsa zikalata za ngongole kwa anthu a ndalama. Kampaniyi inkapangana ndi okongolawo kuti ndalamazo zizisungidwa m'banki yake, Bank of Tennessee, kufikira zitafunika. Pakadali pano Caldwell ankazigwiritsa ntchito pogula mabanki ena, makampani a inshuwaransi, mafakitale ndi manyuzipepala. Poionera kunja, kampaniyo idali yamphamvu koposa kummwera konse, koma chidali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mitengo ya masheya itagwa, chuma chake chidafota pamene ngongole zake zidali pomwepo. Pa 7 Novembala 1930 Bank of Tennessee idatseka, ndipo patangopita sabata imodzi kampani yonse idagwa. Boma la chigawo cha Tennessee lidapezeka kuti madola ake oposa 6 miliyoni atsekeredwa m'mabanki ogwirizana ndi Caldwell.

Chingwe cholumikiza Nashville ndi midzi ya ku Arkansas chidali munthu wina wa bizinesi ya inshuwaransi dzina lake A. B. Banks. Popeza lamulo silinkalola nthambi, iye adatsata njira ina: adagula masheya m'mabanki ang'onoang'ono makumi angapo, iliyonse yokhala ndi dzina lake ndi akuluakulu ake, koma yonse yoyang'ana ku American Exchange Trust Company, imene iye adali mtsogoleri wake. Kampani ya Caldwell idali itagula gawo m'makampani a inshuwaransi a Banks, ndipo anthu ankadziwa za ubale umenewu. Mabanki omangidwa motere adali pa tsoka lowirikiza. Sadali banki imodzi yoti nthambi yamphamvu ithandize yofooka, koma adali omangirirana mokwanira kuti wamkulu akagwa akokere ang'ono onse pansi.

Mbiri ya ku Nashville itamveka ku Little Rock, anthu adakhamukira ku American Exchange Trust Company kukatapa ndalama zawo. Anthuwa sadali opusa kapena a mantha achabe. Aliyense ankadziwa kuti banki ilibe ndalama zokwanira onse, ndipo kuti wofika msanga adzalandira zake zonse pamene wochedwa adzabwerera chimanjamanja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngakhale munthu wokhulupirira kuti bankiyo ndi yabwino adayenera kuthamanga, poopa kuti anzake amutsogolera. M'menemo ndi m'mene mantha amaphera banki: chimene anthu akuchiopa chimachitika chifukwa cha kuopa komweko. Banki ya ku Little Rock itatseka, mabanki a kumudzi adataya mwayi wotapa ndalama zawo zodzitetezera, ndipo akuluakulu ake adaona kuti ndi bwino kutseka khamu lisanafike. M'masabata omwewo mabanki adagwanso ku Louisville m'chigawo cha Kentucky ndi ku Asheville m'chigawo cha North Carolina. M'dziko lonse mabanki 256 adatseka mu Novembala 1930, ndipo ena 352 mu Disembala.

Banki ikatsekeratu, boma linkatuma munthu wodzalongosola chuma chake. Ntchito yake idali yotolera ngongole zonse, kugulitsa zikole, ndi kugawira osungitsa ndalama chimene chapezeka. Motero banki imene kale inkamvetsa mlimi akapempha kuti adikiridwe chaka china idasanduka wolonjerera ngongole wosadziwa nkhope ya munthu. Minda ndi ziweto zinkagulitsidwa pa mtengo wolira, pakuti ogula adali osowa. Osungitsa ndalama ankalandira zawo pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ndipo ambiri sadalandire zonse. Nawonso eni masheya sadapulumuke, chifukwa m'zigawo zambiri lamulo linkati banki ikagwa, mwini sheya ataye ndalama zimene adaikamo, ndiponso apereke zina zofanana nazo. Mwa njira imeneyi anthu omwe akadathandiza anzawo m'tauni, monga mwini sitolo ndi dokotala, adasauka tsiku limodzi ndi ena onse. Ndalama za masukulu, za mipingo ndi za maofesi a boma a m'deralo zinkatsekeredwanso m'mabanki omwewo, ndipo m'madera ambiri aphunzitsi ankalandira mapepala a lonjezo m'malo mwa malipiro.

Pansi pa onsewa padali tenanti. Iye sadataye buku la ku banki, pakuti adalibe. Chimene adataya ndi ngongole ya ku sitolo. Mwini sitolo amene ndalama zake zatsekeredwa sakadatha kuoda katundu, ndipo mwini munda amene alibe kokongola sakadatha kudyetsa mabanja a pamunda pake. Dimba lidali litauma, nkhumba zidali zitaphedwa posowa chozidyetsa, ndipo nyengo yozizira, imene kumeneko imayamba mu Disembala, idali itafika. Bungwe la Red Cross lidayamba kugawa chakudya, koma osowa adachuluka kuposa m'mene lidayembekezera.

Loweruka pa 3 Januwale 1931 njala idaonekera poyera m'tauni ina yaing'ono ya ku Arkansas yotchedwa England, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Little Rock. Alimi adabwera kudzapempha chakudya ku Red Cross, koma adauzidwa kuti mafomu olembetsera atha. Khamu lidakula kufika pa anthu mazana angapo, ndipo lidanenetsa kuti silibwerera kwawo popanda chakudya cha ana. Eni masitolo, amene nawonso adali pa mavuto, adatsegula zitseko n'kugawa chakudya, Red Cross italonjeza kuti idzawalipira. Palibe amene adavulala, koma manyuzipepala a m'dziko lonse adalemba nkhaniyi ngati chipolowe cha njala, ndipo anthu a m'mizinda adadzidzimuka kumva kuti alimi a m'dziko lolemera chotero akusowa choika kukamwa.

Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Herbert Hoover, ankakhulupirira kuti kudyetsa anjala ndi ntchito ya mabungwe achifundo ndi maboma a m'madera, ndi kuti boma lalikulu likayamba kugawa chakudya anthu adzazolowera kulandira. Mu Disembala 1930 nyumba ya malamulo idavomereza madola 45 miliyoni a ngongole za alimi okhudzidwa ndi chilala, koma zogulira mbewu, feteleza ndi chakudya cha ziweto basi. Otsutsa, kuphatikizapo aphungu a ku Arkansas Joseph T. Robinson ndi Thaddeus Caraway, adadandaula kuti boma lalola kudyetsa nyulu n'kusiya mwana wa mwini nyuluyo. Mu Febuluwale 1931 adawonjezera madola 20 miliyoni. Komabe ngongolezi zinkafuna chikole, chinthu chimene tenanti adalibe.

Kodi kugwa kwa mabanki ochuluka chotere kudali kosapeweka? Yankho likupezeka m'chigawo choyandikana nacho cha Mississippi. Federal Reserve idagawa dziko m'madera 12, ndipo malire a madera awiri adadutsa pakati pa chigawochi. Kummwera kwake kunkayang'aniridwa ndi nthambi ya ku Atlanta, ndipo kumpoto, pamodzi ndi Arkansas yonse, ndi nthambi ya ku St. Louis. Akuluakulu a ku Atlanta ankakhulupirira kuti pa nthawi ya mantha banki yaikulu iyenera kukongoza msanga ndiponso mowolowa manja, ndipo ankatumiza ndalama kumene khamu lasonkhana kuti anthu aone ndi maso kuti zilipo. A ku St. Louis ankakhulupirira kuti malonda akachepa ngongole nazonso zichepe. Akatswiri awiri, Gary Richardson ndi William Troost, adafalitsa kafukufuku wa nkhaniyi m'chaka cha 2009. Pakati pa Julayi 1930 ndi Julayi 1931, mabanki olembetsedwa ku boma la chigawocho a mbali ya St. Louis adatsika kuchoka pa 165 kufika pa 132, pamene a mbali ya Atlanta adatsika kuchoka pa 135 kufika pa 121. Chigawo chidali chimodzi, malamulo amodzi, mbewu imodzi, koma kumene kudali wothandiza mabanki ambiri adapulumuka. Izi zikusonyeza kuti mabanki ena amene adafa sadali owola. Adangosowa wowagwira dzanja kwa masabata ochepa.

Mliriwu udapitirira kwa zaka zina ziwiri ndi miyezi. Thonje lidatsika mpaka pansi pa masenti 6 mu 1931, ndipo kuyambira 1930 mpaka 1933 mabanki pafupifupi 9,000 adatseka m'dziko la America. Franklin D. Roosevelt atalowa pampando pa 4 Malichi 1933, adalamula kuti mabanki onse atseke kuyambira pa 6 Malichi kuti boma liwaunike. Pa 12 Malichi adayankhula pa wailesi, kufotokozera anthu m'mawu osavuta m'mene banki imagwirira ntchito, ndipo mabanki oyenera atayamba kutsegula tsiku lotsatira, anthu adabweza ndalama zimene adabisa m'nyumba. Pa 16 Juni 1933 adasaina lamulo lokhazikitsa bungwe la Federal Deposit Insurance Corporation. Roosevelt mwini wake poyamba sankafuna inshuwaransi yotere, popeza zigawo zisanu ndi zitatu zidali zitaiyesapo pazokha ndipo konse idalephera. Amene adaumirira adali Henry Steagall, phungu wa ku Alabama, amene ankayankhulira mabanki ang'onoang'ono a kumudzi. Kuyambira pa 1 Januwale 1934 ndalama za munthu aliyense zidatetezedwa mpaka madola 2,500, ndipo mu Julayi chaka chomwecho mpaka madola 5,000. M'chaka chimenecho mabanki a inshuwaransi amene adagwa adali 9 okha. Munthu wodziwa kuti ndalama zake adzalandirabe alibe chifukwa chothamangira ku banki, ndipo posathamanga iye banki imakhalabe chilili.

Mankhwalawa adachiza matenda a osungitsa ndalama, koma sadafike kwa onse amene adadwala. M'chaka chomwecho cha 1933 boma lidayamba kulipira eni minda kuti achepetse thonje pofuna kukweza mtengo. Ndalamazo zinkaperekedwa kwa mwini munda, ndipo ambiri mwa eni mindawo adaona kuti safunanso matenanti ochuluka, n'kuwachotsa. M'chaka cha 1934 matenanti akuda ndi oyera adakumana pafupi ndi tauni ya Tyronza ku Arkansas komweko n'kuyambitsa bungwe la Southern Tenant Farmers' Union kuti adziyankhulire okha.

Mbiri ya mabanki a kumudzi a ku Arkansas ikuonetsa kuti chuma chenicheni cha banki ndi chikhulupiriro cha anthu, ndipo kuti chikhulupirirocho chimafuna wochitchinjiriza amene ali wamkulu kuposa tauni imodzi. Ikuonetsanso kuti kuwerenga ndalama zimene zidatayika m'mabuku sikokwanira poyesa kukula kwa tsoka lotere. Osungitsa ndalama adalembedwa maina, ndipo patapita zaka adalandirako gawo la zawo. Mabanja amene ankadyera pa ngongole ya ku sitolo sadalembedwe m'buku lililonse la banki, ndipo padalibe chimene wolongosola chuma cha bankiyo akadawabwezera.